Kukatrena kaye usanakwere levo: mmene lamuloli likuyendera pa tebulo lathu la D&D

Febuluwale

Ndayamba kulemba lamulo latsopano la gemu yathu ya Dungeons & Dragons, gemu ya pa tebulo imene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani n'kumaponya dayisi, ife timasewera 5th edition ya 2014 ija, ndipo ndizilemba mmene zikuyendera kuti ma DM (oyendetsa gemu ndi nkhani yake) anzanga amene akuganiza zomwezi aoneko pomwe pali povuta. Lamulo lake mwachidule ndi loti XP (mapointi amene umapeza pogonjetsa adani) ikakwana sikuti basi wakwera levo ayi, character wako (munthu amene ukusewera mu gemumo) apite kaye kwa munthu wina wa m'dziko la gemulo akamuphunzitse.

Chandiyambitsa ndi kalendala. Ndimasunga masiku a mu gemu pa pepala lapadera, ndiye nditayang'ana ndapeza kuti anthu anayi amene anakumana ali osadziwa kanthu afika levo 3 masabata awiri asanathe. Sikuti ndimagawa XP mowolowa manja, masamu a buku la malamulo ndi otero basi. Levo 2 imafuna 300 XP, levo 3 ndi 900, levo 4 ndi 2,700, levo 5 ndi 6,500. Tsono Dungeon Master's Guide, buku la DM, ili ndi tebulo losonyeza ndewu zimene munthu angapirire pa tsiku limodzi, wa levo 1 ndi za 300 XP, wa levo 2 za 600, wa levo 3 za 1,200, wa levo 4 za 1,700. Manambala amenewa amawonjezeredwa malinga ndi kuchuluka kwa adani nde XP yolowa m'thumba imachepako, koma olo titero mukawerenga bwino mupeza kuti gulu lomenyana tsiku ndi tsiku lingafike levo 5 m'sabata imodzi kapena awiri a mu gemu.

Ganizirani wizard, wamatsenga wophunzira m'mabuku. Sabata ino akungoponya ka spell (tsenga) kakang'ono ka Magic Missile, sabata yamawa akuponya Fireball ya 8d6 (madayisi 8 a mbali 6) yopsereza chipinda chonse. Anaiphunzira kuti? Buku limati wizard akakwera levo amalemba ma spell awiri atsopano m'buku lake mwaulere, ati ndi zipatso za kafukufuku wake, koma kafukufukuyo anachita nthawi yanji poti masiku onsewa anali m'phanga kulimbana ndi zilombo zotchedwa ma goblin. Zimenezi zimandidya mumtima chifukwa dziko limene ndavutika kulijambula ndi kulemba anthu ake likungokhala ngati njira yodutsa popita kokamenyana.

Febuluwale yomweyo, nditawerenga zakale

Lamuloli si langa, ndi lakale kwambiri. Gary Gygax, mmodzi mwa amene anayambitsa D&D, analilemba mu Dungeon Masters Guide ya AD&D (Advanced Dungeons & Dragons, edishoni yakale) ya 1979 ndipo lake linali lolimba zedi. DM amayenera kumupatsa wosewera aliyense malikisi kuyambira 1 mpaka 4 malinga ndi mmene wasewerera class yake (mtundu wa ntchito ya character, monga fighter kapena cleric), 1 kwa wasewera bwino kwambiri, 4 kwa wasokoneza. Cleric wokana kuchiza anzake, fighter wobisala kumbuyo pa ndewu, magic-user wothamangira kukamenyana ndi manja, thief wolimbana ndi mdani maso ndi maso m'malo mozembera, onsewa amadya 4. Nambala imeneyo ndiyo masabata amene utrene. Mtengo wake pa sabata ndi 1,500 gp (ndalama za golide za mu gemu) kuchulukitsa ndi levo imene ulipo. Ndiye fighter wa levo 3 amene DM wamupatsa 3 alipire 13,500 gp, ndipo pamwamba pake XP imaima, sungalandirenso ina mpaka utakwera levoyo.

Pali vuto lodziwika bwino pa masamu amenewa. Thief wa mu AD&D amafika levo 2 pa 1,251 XP koma maphunziro ake otchipitsitsa ndi 1,500 gp, pomwe nthawi imeneyo gp imodzi yotulutsa m'phanga inali XP imodzi. Kutanthauza kuti munthu akwanitsa XP ndalama isanakwane, ndiye azingoyendabe m'mapanga kusaka ndalama ya sukulu XP itaima. Sizodabwitsa kuti 2nd edition ya 1989 inalisandutsa lamuloli kukhala losankha, ofuna atsate osafuna asiye.

Komabe ndikuona chimene Gygax amafuna. Mu gemu yake golide ndiye anali gwero lalikulu la XP nde osewera amakhala ndi milumilu ya ndalama, pamafunika dzenje loti ndalamazo zizilowamo. Komanso munthu yemweyo analemba ndi zilembo zikuluzikulu m'buku lomwelo kuti kampeni ilibe tanthauzo ngati nthawi sikusungidwa bwinobwino. Ine ndatengapo chachiwirichi. Za malikisi ndazikana, sindingakhale pa tebulo ndi anzanga n'kumawachonga ngati ana a sukulu, ndipo munthu amene akufuna kusewera fighter wamantha ali ndi ufulu wonse, nthawi zina ameneyo ndi amene amakometsa nkhani.

Malichi

Tayesa kaye lamulo lomwe lili kale mu Dungeon Master's Guide ya 2014, mu gawo la zochita pa nthawi yopuma. Lawo ndi losavuta, levo 2 mpaka 4 ndi masiku 10 ndi 20 gp, levo 5 mpaka 10 masiku 20 ndi 40 gp, levo 11 mpaka 16 masiku 30 ndi 60 gp, levo 17 mpaka 20 masiku 40 ndi 80 gp. Gulu linali likupita levo 4.

Zinatha pa mphindi imodzi. Wosewera rogue (wakuba wozembera) anati chabwino nayi 20 gp, ena nawo anafufuta 20 pa mapepala awo, ine ndinadula masiku 10 pa kalendala, basi tapitiriza. Palibe amene anafunsa kuti akuphunzitsa ndani, kuti, akuoneka bwanji. Ndipo 20 gp kwa anthu amene angotuluka m'phanga ndi thumba la ndalama si kanthu, mu edishoni yomweyi chovala cha nkhondo cha plate ndi 1,500 gp. Chabwino chimodzi chimene ndaona ndi choti kalendala yasuntha, koma kungosuntha kwa masiku opanda kanthu mkati sikukwanira. Chikusoweka ndi munthu. Ngati mphunzitsi alibe nkhope ndiye kuti lamuloli ndi msonkho chabe.

Malichi kumapeto

Ndalembanso lonse ndipo tsopano lili motere. Zinthu zimene zimabwera chifukwa thupi ndi mutu zazolowera, monga ma hit point (kuchuluka kwa moyo), hit dice, proficiency bonus ndi ma spell slot (mipata yoponyera ma spell), zimenezo munthu amalandira akangogona long rest (kupuma kwa usiku wonse) XP itakwana, olo ali m'kati mwa nkhalango. Zimene zikufuna mphunzitsi ndi luso latsopano lomwe character sanalichitepo. Ndipo si levo iliyonse ayi chifukwa tingatope, ndasankha levo imene munthu amasankha subclass (nthambi ya class yake), kenako 5, 11 ndi 17, pamene bukulo lomwe limati gemu yalowa gawo lina. Ma levo ena onse munthu atha kudzitrena yekha masiku ochepa pamalo pabata. Za subclass zimasiyana mu malamulo a 2014, cleric, sorcerer ndi warlock amasankha pa levo 1, wizard ndi druid pa 2, otsalawo pa 3, pomwe mabuku a 2024 anawaika onse pa 3. Ife tidakali pa akalewo.

Masiku ndasiya omwe aja a mu Dungeon Master's Guide ya 2014. Mtengo ndiye ndauchotsa, mphunzitsi aliyense azitchula yekha chimene akufuna ndipo nthawi zambiri si ndalama. Ndikuganiza za mnyamata wa pa galaja, salipira fizi koma amayamba ndi kutsuka masipanala ndi kutumidwa uku ndi uku, ndipo pomaliza amadziwa ntchito komanso amakhala munthu wa makaniko ameneyo mpaka kalekale. Ubale umenewo ndi umene ndikuufuna mu gemu. Gemu ina, RuneQuest ya 1978, inaigwira bwino mbali imeneyi, kulibe ma levo konse, luso limakula poligwiritsa ntchito kapena pogula maphunziro ku ma cult ndi ma guild (magulu achipembedzo ndi mabungwe a ntchito), nde munthu amapezeka kuti ali ndi kwawo m'dziko la gemulo chifukwa amene anamuphunzitsa ali ndi zofuna zawo pa iye.

XP sindikuimitsa ngati Gygax. Ipitirire kulowa, kungoti sungadumphe levo yofuna mphunzitsi.

Epulo

Ntchito yaikulu mwezi uno yakhala kulemba aphunzitsi, ndipo ndi imene yandisangalatsa kuposa zonse chiyambire. Aliyense ndikumupatsa zinthu zitatu pa kakhadi kamodzi, chimene amadziwa, chimene akufuna, ndi chimene akubisa.

Wa fighter ndi mayi wachikulire amene anali msilikali wa mfumu, pano amasunga mbuzi kunja kwa tawuni ndipo safuna kumva za lupanga. Fighter pa levo 5 amapeza Extra Attack, kumenya kawiri pa mpata umodzi, ndiye ndinafunsa mumtima kuti kodi munthu amaphunzira bwanji zimenezo, yankho limene ndapeza ndi loti nkhani yake ndi mapazi osati mkono, mayiyo akamuyendetsa pa miyala ya mumtsinje atanyamula mitsuko iwiri masiku ambirimbiri asanamulole kugwira chida. Malipiro ake akufuna munthu akapereke kalata kwa mwana wake yemwe analowa gulu la zigawenga za kuphiri, zomwezo zimene osewera akukonzekera kukalimbana nazo. Apa ndiye pakoma, chifukwa kuyambira pamenepo zigawengazo sizilinso manambala a hit point, pakati pawo pali mwana wa aphunzitsi.

Wa wizard ndi mlembi wa ku nyumba ya mabuku amene maso ayamba kufa, akufuna womukopera buku lina lisanathe kudyedwa ndi chiswe. Zikugwirizana bwino ndi malamulo chifukwa kukopera spell kumadya kale maola awiri ndi 50 gp pa levo iliyonse ya spell, wizard ndi munthu wa inki ndi kandulo kale. Wa rogue sindinavutike, ndi mkulu wa akuba a pa doko, aphunzitsa Uncanny Dodge, luso lochepetsa ndi theka kuvulala ukamenyedwa, posinthana ndi ntchito imodzi imene aitchule mtsogolo, ndipo rogue wavomera asanamve kuti ndi ntchito yanji.

Warlock ndiye anandiimitsa kaye. Mphamvu zake zimachokera kwa patron, cholengedwa champhamvu chimene anapangana nacho, palibe sukulu yake. Ndamaliza ndi zoti maphunziro ake ndi kuitanidwa, masiku 20 amenewo patron amamufuna kumalo kwake kudzera m'maloto ndipo pobwerako amakhala ndi invocation (mphamvu yapadera ya warlock) yachitatu imene amapeza pa levo 5 komanso lamulo latsopano loti akwaniritse. Mwini character wakonda kwambiri, akuti koyamba wamva kuti pangano lake lili ndi mtengo.

Meyi

Apa ndi pamene lamulo lagundana ndi nkhani, ndipo ndilemba motalikirapo chifukwa aliyense woyesa zimenezi adzafika pomwepa.

Gulu lakwanitsa 6,500 XP pa nthawi imene mu nkhani zigawenga zikusonkhana kuti zidzaukire midzi ya kutsidya kwa mlatho nthawi yokolola. Osewera amadziwa zimenezi, anamva kwa mkaidi amene anamugwira. Ndiye panali njira ziwiri, kupita pompano ali ndi ma hit point a levo 5 koma opanda Extra Attack ndi Fireball, kapena kukatrena masiku 20 n'kupita ali okwana. Anakangana nthawi yaitali ndithu, ine ndili phee kumvetsera, ndipo kukangana kumeneko ndi kumene ndimakufuna chiyambire, chifukwa kale funso loti tili ndi nthawi yochuluka bwanji silimafunsidwa n'komwe. Wa fighter amati tiyeni, anthu afa. Wa wizard amati tikapita chonchi tikafa ndife ndipo midziyo ipsabe. Anasankha kutrena.

Ali mkati mwa maphunziro mudzi umodzi wa pafupi ndi mlatho unawotchedwa, monga mmene zinalili pa kalendala yanga kuyambira kale. Atamva, wa rogue anayankhula mosabisa, anati a DM ndiye mukutilanga chifukwa chotsatira lamulo lanu lomwe? Inuyo mwati tikatrene, tatrena, pano mukuti anthu afa chifukwa tinachedwa. Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikulitenga mopepuka. Ngati kutrena kuli kokakamiza ndipo dziko likulanga wotrena ndiye kuti palibe chimene wosewera wasankha, DM wangomutchera msampha. Koma ngati dziko lizingoima kudikira kuti amalize sukulu ndiye tabwerera ku zija za Malichi, masiku opanda kanthu.

Takambirana pa gulu lathu la WhatsApp mkati mwa sabata ndipo tagwirizana zinthu ziwiri zimene ndazilowetsa mu lamulo. Choyamba, maphunziro atha kudulidwa pakati ndipo masiku amene wachita satayika, ukachita 12 n'kuthamangira kunkhondo udzabwera kudzamaliza 8 otsalawo. Chachiwiri, nkhani zizifika kwa iwo ali konko, wamalonda wodutsa, munthu wothawa kwawo, utsi ukuoneka patali, kuti pa masiku angapo alionse akhale ndi mpata wonena kuti basi tanyamuka. Mudzi ukapsa upse iwo atamva chenjezo n'kusankha kukhala, osati angodzidzimuka. Ndawonjezanso chachitatu pandekha, kuti DM asaike levo yofuna mphunzitsi pakati pa nkhani yothamanga kawirikawiri, kamodzi kokha pa nthawi ndi kokoma, kukachuluka osewera ayamba kudana ndi lamulolo. Amene mukuyendetsa ma adventure ogula (nkhani zolembedwa kale) okhala ndi wotchi yothamanga, monga Tomb of Annihilation pomwe temberero likudya anthu tsiku lililonse, ine ndingati lamuloli musaliike n'komwe, silikwanamo.

Wa rogue yemweyo ananenanso china, kuti iye amabwera Loweruka kudzasewera osati kudzaonerera mnzake akunyamula mitsuko. Zoona zake. Anthu anayi aphunzitsi anayi malo anayi, mukati muzisewera zonse pa tebulo ndiye kuti atatu akhala akuyang'ana mafoni. Ndiye tsopano zambiri za maphunziro tikumachitira pa WhatsApp mkati mwa sabata, aliyense ndimamulembera payekha zimene zikumuchitikira iye n'kumayankha akapeza mpata, pa tebulo timangosewera kachigawo kamodzi ka aliyense, kosapitirira mphindi khumi, kamene kali ndi dayisi kapena chosankha chenicheni. Zathandizanso kwa amene amajomba chifukwa cha ntchito, character wake timangoti adakali kwa aphunzitsi ndipo nkhani sikhala ndi bowo.

Juni

Gulu lonse lili pa levo 5 yokwana ndipo nkhondo ya kuphiri yachitika. Sindifotokoza yonse, koma ichi chokha. Wa fighter atakumana ndi mwana wa mayi uja pakati pa ndewu sanamenye, anataya mpata wake wonse wa Extra Attack imene anaivutikira masiku 20 n'kutulutsa kalata. Palibe lamulo limene linamuuza kutero ndipo XP sinalipo pamenepo. Ndinaponya dayisi kuona mmene mnyamatayo alandirire, inagwa pakatikati, nde anatenga kalatayo n'kuthawa osalowa mbali iliyonse, pano osewera akufuna kumusaka kuti amubweze kwa amayi ake, ulendo umene sindinaukonze ndipo ndiyenera kuulemba sabata ino.

Chinanso chasintha ndi ndalama. Poti aphunzitsi satenga golide wambiri, ndimaopa kuti ndalama zizingounjikana, koma osewera ayamba okha kuzigwiritsa ntchito m'tawuni muja, wizard walipira munthu wokonza denga la nyumba ya mabuku, fighter wagulira anthu a mudzi wopsa uja mbewu. Akumatchula anthu a m'tawuni ndi maina awo osayang'ana pa notsi. Kalendala nayo yafika miyezi inayi ya mu gemu, dzinja likuyandikira, ndipo zikumveka kuti anthu awa akhala limodzi nthawi.

Sikuti zonse zili bwino. Wa rogue sanakhutirebe kwenikweni, akuti akanakonda kukwera pompopompo ngati kale ndipo akungopirira chifukwa anzake akusangalala. Ndikumumvetsa, pali anthu amene chisangalalo chawo chili pa kutsegula buku usiku womwewo n'kulemba mphamvu zatsopano pa pepala, ndipo kudikira sabata kumawazizira. Ndamulonjeza kuti ma levo 6 mpaka 10 palibe mphunzitsi wokakamiza, ndipo tikafika pa 10 tidzakhalanso pansi tonse tione ngati lipitirire.

Zotsala pa chikalatachi ndi ziwiri. Mnzathu wina akufuna kulowa ndi sorcerer, ndipo sorcerer mphamvu ndi yobadwa nayo, ndiye sindikufuna kumupatsa mphunzitsi wa mabuku ngati wizard, ndikuganiza zoti akhale munthu wa mtundu wake womwewo amene angomuphunzitsa kuigwira mphamvuyo isamupweteke, kapena malo ena ake amene ayenera kukafikako. China ndi levo 11 ndi 17, chifukwa pamenepo anthuwa adzakhala oposa pafupifupi aliyense m'dera lonselo, nanga adzawaphunzitsa ndani. AD&D inali ndi yankho lake kwa ma class ena, druid wofuna levo 12 amayenera kugonjetsa mmodzi mwa asanu ndi anayi okhawo amene ali pa udindowo, monk nayenso kuyambira levo 8 amakwera pomenyana ndi mwini mpando. Sindikufuna ndewu pa class iliyonse, koma ganizo loti pamwamba malo ndi ochepa ndipo ali ndi eni ake ndalikonda, nde ndayamba kulemba anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a msinkhu umenewo m'dziko lonselo, komwe amakhala ndi chifukwa chimene angakanire kuphunzitsa. Maina awo ndiyamba kuwaponya m'nkhani kuyambira seshoni ikubwerayi kuti osewera aziwamva kutali levo 11 isanayandikire.